Mwana akayamba kudzimenya mutu, choyamba funsani: afuna chani?

Mukaonela The Good Doctor pa TV mumaona mnyamata wa autism wanzelu zoopsa, wovala mushe, wochita opaleshoni imene madokota akuluakulu yawakanga. Opanga mafilimu amakonda mbali imeneyo chifukwa imagulitsa. Imene sakonda kukuonetsani ni ya 02 hours usiku: mwana wa zaka 10 ali kudzimenya mutu ku chipupa, amake aika pilo pakati pa mutu na chipupa, maneba agogoda ati chongo chanyanya. Sabata ino tikamba za mbali imeneyo, ndipo tiyenda patali pang'ono, ku mabanja okamba chi Polish.

Mwina mufunsa kuti Poland yalowa bwanji pa peji ino. Ni nkhani ya nchito. Kuyambila mu 2022, pamene Britain inatsegula visa ya osamalila odwala na okalamba, ambili a ife tili na mlongo, khazeni olo mnzathu wa mu komboni amene asebenza nchito ya care ku UK. Kumeneko anthu a ku Poland ni ambili maningi. Anayamba kupitako mwaunyinji dziko lawo litalowa mu European Union mu 2004, ndipo kalembela wa 2021 anapeza kuti ku England na Wales anthu 612,000 chitundu chawo chachikulu ni chi Polish. Mukachotsapo Chizungu na chi Welsh, palibe chitundu china choposa apo. Manje mlongo wanu pa shifiti angapatsidwe mnyamata wa autism amene kunyumba kwawo chilichonse ni chi Polish. Tsiku limene mnyamatayo adzamuluma dzanja, zimene tikamba pano zidzamuthandiza. Naimwe amene muli na mwana wotele pa nyumba, mudzatolapo kanthu.

Makhalidwe ovuta ni chani?

A Polish amati zachowania trudne, kutanthauza makhalidwe ovuta. Apa tikamba za kudzimenya, kudziluma, kumenya ena, kuphwanya zinthu, kukuwa kwa maola, kuthawila mu mseu mopanda kuona mamotoka. Ni zinthu zimene zimavulaza mwiniwake, zimavulaza ena, olo zimamutsekela kunja kwa sukulu, tchalitchi na basi.

Tisasokoneze. Mwana wa autism amene amagwedeza manja, amadzigwedeza thupi akakhala pansi, olo amabweleza mawu amodzimodzi, nthawi zambili ni njila yake yodzikhazika mtima pansi. Anthu akuluakulu a autism akhala akudandaula kuti ali ana anawakakamiza kuleka zinthu zotele kuti chabe aoneke monga ana ena. Ngati chinthu sichivulaza munthu, musiyeni. Nkhani yathu ni ya zija zimene zimatulutsa magazi na misozi.

Pa izi akatswili anagwilizana mfundo imodzi kalekale: munthu sapitiliza kuchita chinthu chimene sichimupindulila. Ngati mwana adzimenya tsiku na tsiku, pali chimene kudzimenyako kumamubweletsela olo kumamuchotsela. Nchito yonse ni kuchipeza chinthucho.

Mu 1982, Brian Iwata na anzake ku Baltimore, ku America, anaonetsa zimenezi na anthu 9 amene anali kudzivulaza. Anali kuwaika mu zochitika zosiyanasiyana. Pena munthu wamkulu anali kukamba nawo pokhapo akadzimenya. Pena anali kupatsidwa nchito yovuta imene inali kuimitsidwa akadzimenya. Pena anali kusiyidwa okha, pena anali kusewela momasuka. Pa anthu 9 aja, 6 anaonetsa poyela kuti kudzivulaza kwawo kunali kukwela pa chochitika chimodzi. Wina anali kufuna kuti amuone, wina anali kuthawa nchito, wina anali kuchita olo ali yekha. Kudzimenya kunali kofanana, zifukwa zosiyana.

Thebulo imodzi, ana anayi

Kuti mumvetse, tilowe mu nyumba ya a Polish pa 24 December. Usiku umenewo amautcha Wigilia, ndipo kwa iwo ni waukulu kuposa Khisimasi yeniyeni. Nthawi imeneyo ni ya mphepo, pofika 16 hours kwada kale. Banja limayembekeza nyenyezi yoyamba kuti liyambe kudya. Mwamwambo pamakhala zakudya za mitundu 12, zopanda nyama: nsomba ya carp, supu yofiila ya barszcz, pierogi na zina. Asanadye amanyemelana kamkate kopyapyala kotchedwa opłatek, aliyense na mnzake, kufunilana mafuno abwino, kukumbatilana na kupsompsonana. Mphatso zili pansi pa mtengo wa Khisimasi koma zimatsegulidwa mukatsiliza kudya. Pakati pa usiku ena amapita ku Misa ya Pasterka.

Manje tiyelekeze ana anayi a autism, mu nyumba zinayi, onse agwetsa mbale pansi na kuyamba kukuwa pa nthawi ya supu.

Woyamba, nyumba yadzala achibale amene sawadziwa, aliyense afuna kumukumbatila, fungo la nsomba lili ponseponse, magetsi a pa mtengo aphethilaphethila. Akakuwa, atate ake amamunyamula kukamutsekela ku chipinda ati chilango. Kuchipinda kuli zii, kulibe nsomba, kulibe ankolo. Mwanayo wapeza chimene anali kufuna. Chaka chamawa adzakuwa msanga.

Wachiwili, amake akhala mu khitchini masiku awili, alibe olo mphindi yomuyang'ana. Mbale ikagwa, amake amasiya mapoto, kubwela, kumugwila mapewa na kumukalipila kwa mphindi zisanu. Kwa imwe kukalipilidwa ni chilango. Kwa iye, amake abwela.

Wachitatu waona bokosi pansi pa mtengo ndipo adziwa kuti muli sitima ya chidole. Zoti adikile mbale 12 zithe sizimveka. Akakuwa, ambuya ake, amene a Polish amawaitana babcia, amati mupatseni chabe atisiye tidye. Waphunzila kuti kukuwa kumatsegula mabokosi.

Wachinayi, palibe chimene afuna pa thebulo. Dzino limubaba kuyambila Mande, ndipo supu yotentha yafika pa dzinolo. Sakwanitsa kukamba kuti boli, kutanthauza kuti chibaba.

Pali na wachisanu amene simungamuone pa phwando, chifukwa iye amadzimenya olo ali yekha mu chipinda, popanda womuona. Chimene amapeza chili mu thupi mwake, mmene kumenyako kumamvekela.

Mwaona vuto? Mukapatsa ana onsewa mankhwala amodzi, ambili muwaonjezela moto. Kutsekela ku chipinda kumalimbikitsa woyamba. Kukalipila kumalimbikitsa wachiwili. Ndipo wa dzino mungamulembele mapulani a khalidwe mwezi wathunthu, dzino likali kuwola. Ndiye chifukwa chake odziwa nchitoyi amayambila ku thupi: mano, makutu, mimba, kudzimbidwa, tulo. Mavuto a m'mimba, kusowa tulo na khunyu zimapezeka kawilikawili mwa anthu a autism kuposa mwa ena. Khalidwe likasintha mwadzidzidzi, pitani kwa dokota poyamba.

Amafufuza bwanji?

Njila zilipo zitatu, ndipo zimathandizana.

Yoyamba ni kufunsa anthu amene amakhala na mwanayo. Pali mapepala a mafunso opangidwila zimenezi. Mark Durand na Daniel Crimmins anatulutsa Motivation Assessment Scale mu 1988, ya mafunso 16. Johnny Matson na Timothy Vollmer anapanga ina mu 1995 imene imadziwika na zilembo QABF, ya mafunso 25, asanu pa chifukwa chilichonse mwa zisanu zimene taona pamwambapa: kufuna kuonedwa, kuthawa, kufuna chinthu, kubaba kwa thupi, na kuchita chifukwa cha mmene thupi limvelela. Kholo limayankha ngati chinthucho sichichitika, chichitika mwa apa na apo, nthawi zina, olo kawilikawili. Mukawonkhetsa, mumaona kumene manambala alemela.

Yachiwili ni kuona na maso na kulemba. Mumagawa pepala patatu. Kumanzele mumalemba chimene chinachitika khalidwelo lisanayambe: nthawi, malo, anali na ndani, anauzidwa chani. Pakati mumalemba chimene anachita ndendende. Musalembe ati anapenga olo anachita nkhanza. Lembani kuti anadzimenya kumutu na chibakela kasanu. Kumanja mumalemba chimene anthu anachita pambuyo pake. Pakapita milungu iwili pepalalo limayamba kukamba lokha. Mungapeze kuti zonse zichitika pa nthawi yosamba, olo ba ticha akangotulutsa buku la masamu.

Yachitatu ni ija ya Iwata, yoyesa dala zochitika kuti muone chimene chiyambitsa. Iyi ni ya akatswili chabe, pamalo otetezeka. Musayese pa nyumba, mungavulaze mwana.

Pamene chitundu chimalowela

Mapepala aja a mafunso analembedwa mu Chizungu, poganizila makolo a ku America. Kuti asebenze ku banja la chi Polish safunika kungowaponya mu Google Translate. Mwa dongosolo, anthu odziwa zitundu zonse ziwili amawamasulila, wina amene sanaone loyamba amawabwezela mu Chizungu kuti aone ngati tanthauzo lasokonekela, ndiyeno amawayesa pa makolo enieni kuti aone ngati mafunso amveka na kupima chimene afunika kupima.

Nikupatseni chitsanzo cha liwu limodzi chabe. Mu chi Polish muli liwu lakuti uwaga. Mukati zwrócić na siebie uwagę, ndiye kuti munthu afuna anthu amuone. Mukati zwrócić komuś uwagę, ndiye kuti mwamudzudzula. Ndipo ku sukulu uwaga ni mawu amene ba ticha amalembela makolo mwana akalakwa. Womasulila akaphonya kamawu kamodzi, funso lofunsa ngati mwana afuna kuonedwa lingamveke monga lifunsa ngati mumamudzudzula. Mayi ayankha moona mtima, koma ayankha funso lina. Manambala apita kolakwika, pulani yonse nayo ipita kolakwika.

Vuto lina ni lakuti afunsa ndani. Ku Britain zimachitika kuti pa miting'i ya ku sukulu pabwela kholo limene lidziwako Chizungu, mwina atate amene amachoka m'mawa na kubwela usiku. Amene amakhala na mwana tsiku lonse ni amake olo babcia, ndipo iwowo ndiye adziwa kuti mwana amayamba kung'ung'udza mphindi khumi asanadzimenye. Ngati palibe womasulila, nzelu zonsezo zimatsala ku nyumba. Pena amagwila mkulu wake wa mwanayo, wa zaka 13, ati masulila. Ganizilani mayi afotokoze pamaso pa mwana wake kuti usiku amalila, olo kuti tsiku lina anamumenya mbama wodwalayo chifukwa chotopa. Sangakambe. Adzati zonse zili bwino.

Palinso manyazi. A Polish ali na mawu awo akuti co ludzie powiedzą, anthu adzakamba chani. Sinifunika kukumasulilani zambili, mumawadziwa mawu amenewo. Mwana wosamvela amamutcha niegrzeczny, ndipo mu sitolo olo mu tchalitchi maso onse amapita kwa amake monga ndiwo analephela kulela. Kholo limene lazolowela kuweluzidwa likafunsidwa kuti mumachita chani mwana akakuwa, limamva monga lili pa khoti. Wofufuza wabwino amayamba wauza kholo kuti funsoli silifuna wolakwa, lifuna kudziwa chimene mwana amapeza. Mayi akavomela kuti inde, nimamupatsa foni kuti akhale chete, wapeleka yankho la golide.

Ndiye pali mwana mwiniwake. Ku sukulu amva Chizungu, kunyumba chi Polish. Pangakhale mwana amene ku kilasi amagubuduza desiki koma kunyumba ali phee. Musathamangile kunena kuti makolo abisa. Mwina ba ticha akamba mofulumila mu chitundu chimene iye amachimva movutikila, ndipo kugubuduza desiki ndiye njila imene wapeza yotulukila panja. Mwina amakamba nie chcę, sinifuna, katatu konse, palibe womumva, ndiye dzanja limatsiliza nkhani.

Makolo ena anauzidwapo kuti aleke chi Polish pa nyumba, ati zitundu ziwili zimusokoneza mwana. Ofufuza amene anayelekezela ana a autism okulila mu chitundu chimodzi na okulila mu ziwili sanapeze kuti zitundu ziwili zimachedwetsa kukamba. Chimene chimachitika mukaletsa chitundu cha pa nyumba ni chakuti babcia sangakambenso na mdzukulu wake, amake amakamba naye Chizungu chothyokathyoka, ndipo mwana amene anali kale na njila zochepa zodzifotokozela mwamutsekela inanso.

Mukachipeza chifukwa, muchita chani?

Mu 1985, Edward Carr na Mark Durand anaonetsa chinthu chimene mpaka lelo chili pakati pa nchito imeneyi. Anatenga ana amene anali kumenya na kukuwa, anapeza chifukwa cha aliyense, ndiyeno anawaphunzitsa mawu opempha chinthu chomwecho. Wothawa nchito yovuta anaphunzila kupempha thandizo. Wofuna kuonedwa anaphunzila kuitana mphunzitsi. Makhalidwe ovuta anatsika. Koma mawuwo anali kuthandiza pokhapo akagwilizana na chifukwa chenicheni cha mwanayo.

Tibwelele ku thebulo ija. Woyamba mumamupatsa khadi olo liwu limodzi, przerwa, kutanthauza kupumula. Akalionetsa amapita ku chipinda mwaulemu, mbale ikali yamoyo. Mumauzanso achibale pasadakhale kuti uyu musamukumbatile, mupatseni moni chabe. Wachiwili, amake amamupatsa mphindi zochepa kawilikawili mbale isanagwe, olo kumupatsa kanchito mu khitchini pafupi nawo. Wachitatu mumamuonetsa pa zithunzi kuti choyamba supu, chachiwili mphatso, olo mumangobisa mabokosi mpaka nthawi yake. Wachinayi mumapita naye kwa dokota wa mano. Kwa amene sakamba konse pali makhadi a zithunzi, ndipo chithunzi cha kapu ya madzi chimamveka kwa ba ticha a ku Leeds na kwa babcia wa ku Kraków mofanana.

Lamulo ni limodzi: njila yatsopano ikhale yosavuta ndipo isebenze msanga kuposa kukuwa. Mwana akaonetsa khadi imwe n'kumuuza kuti dikila, mawa adzabwelela ku chibakela, chifukwa chibakela sichinamuuzepo kuti dikila.

Chifukwa chake ni nkhani yaikulu

Mwana wa zaka 5 akamenya, mumamunyamula. Akafika zaka 25 ali na thupi loposa la atate ake, amake akalamba. Ku Poland makolo adziwa kulema kwa zimenezi. Bungwe la Fundacja SYNAPSIS ku Warsaw lakhala likuthandiza anthu a autism na mabanja awo kuyambila mu 1990. Mwana wa sukulu angapimidwe ku ofesi yotchedwa poradnia psychologiczno-pedagogiczna na kupatsidwa chikalata chomuyeneleza maphunzilo apadela. Koma sukulu ikatha thandizo limachepa. Mu 2018 makolo na ana awo akuluakulu olemala anakhala mu makhonde a Sejm, nyumba ya malamulo ya dzikolo, masiku 40, kugona pansi, kufuna kuti boma liwonjezele thandizo.

Ku Britain nako anaphunzila mowawa. Mu 2011 pulogilamu ya BBC ya Panorama inajambula mobisa nkhanza zimene anchito anali kuchitila anthu a autism na olemala m'maphunzilo pa chipatala cha Winterbourne View pafupi na Bristol. Chipatalacho chinatsekedwa ndipo ena mwa anchito anamangidwa. Mu 2015 bungwe la NICE, limene limapeleka malangizo a zaumoyo ku England, linalemba kuti pa makhalidwe ovuta ayambe afufuza chifukwa, ndipo mankhwala amphamvu a maganizo abwele pokhapo njila zina zalephela olo ngozi ni yaikulu. Mu 2016 NHS inayambitsa kampeni ya STOMP yochepetsa kumwetsa anthu amenewa mankhwala mopitilila. Munthu amene palibe anafunsa chifukwa chake amathela pa mapilisi omugoneka, pa chitseko chokhoma, olo m'manja mwa anthu anayi omupanikiza pansi. Pena zonsezo chiyambi chake ni dzino.

Manje imwe

Ngati muli pa nchito ya care kunja uko ndipo mwapatsidwa munthu wa banja la chi Polish, pemphani a manijala kuti pa miting'i pakhale womasulila wa nchito, mwana wa m'nyumbamo asasenzedwe katundu umenewo. Funsani kuti amene amakhala naye nthawi yaitali ndani, ndipo mumvele ameneyo. Lembani lipoti ya shifiti mwa magawo atatu aja. Ndipo sungani mu foni mawu ochepa awa: boli, chibaba, nie chcę, sinifuna, pić, kumwa, jeść, kudya, głośno, chongo chakwela, przerwa, kupumula. Pemphani amake akuphunzitseni katchulidwe, chifukwa chi Polish mmene chilembedwela na mmene chimvekela ni zinthu ziwili. Adzaseka mmene mutchulila, koma adzadziwa kuti mwana wawo ali m'manja mwa munthu amene afuna kumumva.

Ngati mwana wotele ali pa nyumba panu pano, anthu akamba kale zambili: ati anamulodza, ati mumamulekelela, ati afunika chikoti. Gulani buku la sukulu na bopeni. Gawani peji patatu. Lembani milungu iwili, mu chitundu chimene mumakamba pa nyumba, ndipo amene amasala naye masana, kaya ni ambuya, kaya ni wanchito, nayenso alembeko olo akuuzeni mulembe. Mukapita ku kiliniki nyamulani bukulo. Dokota amamuona mwana mphindi khumi chabe. Imwe mumamuona tsiku lonse, ndipo zimene mwalemba ndizo zidzamuonetsa poyambila.